Feteleza wina ali mumpweya, tamvani za zilumba zozizira zija

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo pang'ono mu nyuzi yathuyi ndinenepo zomwe zakhala zikundidya mumtima. Chaka ndi chaka ikangofika Okutobala masamba anu amadzadza ndi nkhani imodzi yomweyo, thumba la feteleza lafika pa zingati, ndani walowa mu pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ndani wachotsedwa, sitima yafika ku Beira kapena ayi, ma network avutanso ku depoti anthu agona pamzere. Sindikukana ayi, nkhani zimenezo nzofunika ndipo ifenso kuno ku Mchinji timaziwerenga mtima uli m'mwamba chifukwa chimanga chathu popanda feteleza chimangochita chikasu nkubereka tizitsononkho. Koma chimene chimandipweteka nchakuti palibe tsiku lomwe munatifotokozerako kuti kodi chimene tikulimbirana mu thumbamo nchiyani, ndipo kodi chilengedwe pachokha chimachipeza bwanji chinthu chimenechi malo omwe kulibe depoti, kulibe kuponi, kulibe olo munthu mmodzi wolima. Ine ndinaphunzitsako zaulimi ku sekondale, pano ndimangolima soya, mtedza ndi chimanga cha pakhomo, nde ndati ndilembe ndekha.

Chimene timafuna kwambiri mu yuleya uja timati wobereketsa ndi nayitrojeni. Yuleya ali ndi 46 peresenti ya nayitrojeni, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 muli nayitrojeni makilogalamu 23 basi. Tsono chodabwitsa nchakuti mpweya umene tikupumawu, 78 peresenti yake ndi nayitrojeni yemweyo, ali pamwamba pa munda wanga, pamwamba pa munda wanu, tsiku lililonse, koma chimanga sichingamugwiritse ntchito chifukwa mumpweyamo amakhala awiriawiri atagwirana zolimba kwambiri moti mbewu payokha ilibe mphamvu yowalekanitsa. Ku Germany, Fritz Haber anapeza njira yowalekanitsa mu 1909, kenako Carl Bosch nkuikuza kukhala ya fakitale mu 1913, ndipo njira yake imafuna kutentha kopitirira madigiri 400, kupanikiza koopsa komanso gasi wambirimbiri. Nchifukwa chake gasi akakwera mtengo kunjako ife timalira kuno, tinaziona mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba, kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 nde zinangofika poti thumba limodzi munthu kugulitsa mbuzi zingapo. Yuleya yense amene timathira amachokera kunja ndipo amafuna forex imene dziko lathu lilibe.

Tsono tiyeni tichoke kaye kuno tipite kutali. Kum'mwera kwenikweni, pakati pa nyanja yaikulu pa njira yopita ku Antarctica, kuli chilumba chotchedwa Marion, ndi cha dziko la South Africa ndipo chili pafupifupi makilomita 2,000 kuchokera ku Cape Town. Kumeneko kulibe mudzi, kumangokhala kagulu ka akatswiri a zanyengo ndi a sayansi amene sitima ya S.A. Agulhas II imakawasiya nkudzawatenga patatha chaka ndi kanthu. Kutentha kwa pachaka mukakuphatikiza kumangokhala cha m'ma digiri 6, ife kuno Juni akafika pa madigiri 10 m'mawa ana amakana kusamba, iwo kumeneko ndi chaka chonse, mphepo yamkuntho pafupifupi daily, mvula masiku ambiri, dzuwa losowa. Mtengo kulibe olo umodzi. Nthaka yake inachokera ku chiphalaphala cha mapiri ophulika, ndipo mwala wa chiphalaphala ukamaphwanyika umatulutsa michere ina koma nayitrojeni umakhala ulibe wokwanira nkomwe. Mbewu za mtundu wa nyemba zachilengedwe kulibenso. Koma mukaona zithunzi zake chilumbachi nchobiriwira, kuli udzu, kuli ndere zochindikala m'madambo, kuli kachomera kena kotchedwa Azorella kamene kamamera mothithikana pansi kuthawa mphepo. Nde funso langa kwa ana a sukulu linali lakuti, nanga zimenezi nayitrojeni zimamutenga kuti?

Yankho lina lili mu tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa ma cyanobacteria. Ndi mabakiteriya ndithu koma amadzipangira okha chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ngati mmene masamba amachitira, ena mwa iwo, monga amtundu wa Nostoc ndi Anabaena, alinso ndi luso lachiwiri lotenga nayitrojeni wa mumpweya nkumusandutsa amoniya, mtundu wa nayitrojeni umene zomera zimatha kugwiritsa ntchito. Pa zilumba zozizirazi amakhala pa timasamba ta ndere za m'dambo momwe muli chinyontho, ena pamwamba pa dothi lonyowa, ena amakhala limodzi ndi nkhungu mu ndere zija zimamatirira pamiyala, monga za mtundu wa Peltigera ndi Stereocaulon. Ntchito imene fakitale imaichita ndi moto wa madigiri mazanamazana, iwo amaichita ndi enzaimu imodzi yotchedwa nitrogenase, kachipangizo ka m'maselo mwawo kolekanitsira nayitrojeniyo, pamalo poti madzi atsala pang'ono kuuma kukhala ayezi. Ine zimenezi mpaka lero zimandipatsa ulemu waukulu pa chilengedwe.

Ndipo sikuti nzophweka kwa iwo. Nitrogenase ameneyu amadana ndi okosijeni, akangokhudzana naye basi waonongeka, pomwe kachilombo komweko kakamapanga chakudya ndi dzuwa kamatulutsa okosijeni yemweyo. Nde Nostoc amachita chonchi, amakhala m'kamzere ka maselo ambiri, pakati pake selo lina limasiya ntchito yopanga chakudya, limamanga khoma lochindikala kuti okosijeni asalowe, nkukhala kachipinda kongogwirira nayitrojeni basi, anzake a m'mbali nkumalipatsira shuga ilo nkumawapatsira nayitrojeni. Selo limeneli a sayansi amalitcha heterocyst. Komanso ntchitoyi imadya mphamvu zambiri zedi, ndipo enzaimuyo kuti apangike pamafunika ayironi ndi kamchere kena kotchedwa molybdenum, kuti mphamvuzo ziyende pamafunika fosiforasi. Musaiwale mau amenewa a fosiforasi chifukwa tikumana nawonso m'munda mwathu.

Kuzizira kumachedwetsa zonse. Tizilomboti timagwira bwino kukatenthako, nde kumeneko timangogwira pang'ono masana a chilimwe, kukauma timaima, kukaundana timagona, chinyontho chikabwerera timadzuka nkupitiriza. Pa hekitala pachaka nayitrojeni amene timalowetsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi munda wa soya. Koma kumeneko palibe wokolola nkupita nazo ku msika, palibe wotentha tchire, ndipo zomera zikafa zimaola mochedwa nkusanjikizana, nde pang'onopang'ono ndi mtolo, kwa zaka masauzande nthaka inapangika pamwala.

Koma ndisanamize owerenga kuti tizilomboti ndi tokha. M'mbali mwa nyanja amene amathira manyowa kwambiri ndi mbalame ndi nyama za m'madzi. Mapengwini, ma albatross, ma petrel amene amakumba mauna nkuikira mazira pansi, ndi ma seal, onsewa amadya kunyanja nkudzachita chimbudzi kumtunda, ndipo pamene pali msasa wa mapengwini amoniya amachita kuuluka ndi mphepo nkukagwa ndi mvula cha patsogolo, udzu wa pamenepo umachita kusiyana ndi wina. Kumtunda kutali ndi mbalame nkumene ma cyanobacteria amakhala ofunika koposa. Tsono tamvani zimene anthu anachita. Mbewa za m'nyumba zinafika pachilumbachi ndi sitima za alenje a ma seal kalekale, nde mu 1949 anabweretsa amphaka 5 kuti azigwira mbewazo pa siteshoni. Amphaka aja anaswana nkulowa m'tchire, pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400 ndipo ankapha ma petrel oposa 400,000 pachaka, chifukwa mbalame yoikira pansi imene sinaonepo mphaka chibadwire ndi ndiwo yosavuta kuposa mbewa. Mbalame zikachepa ndiye kuti manyowa achepanso, nthaka yonse imamva. Zinatenga zaka zambiri ndi ndalama zambiri kuti amphakawo athe mu 1991, ndipo mbewa zija zikadalipo, pano zafika podya anapiye a albatross ali amoyo pachisa, moti kuli pulojekiti yotchedwa Mouse-Free Marion yofuna kuzithetsa. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, mbalame yoti imaikira dzira limodzi lokha pa zaka ziwiri, mwana wake nkudyedwa ndi kanthu kobwera ndi ife anthu.

Chilumba china chimene ndimachikonda kwambiri chili kumpoto, kufupi ndi Iceland, dzina lake Surtsey. Chimenechi anthu anachiona ndi maso chikubadwa. Mu Novembala 1963 phiri linaphulika pansi pa nyanja, chilumba nkutumphuka, ndipo kuphulikako kunapitirira mpaka Juni 1967. Boma la Iceland linaletsa anthu wamba kupondako, a sayansi okha, kuti aone moyo umayamba bwanji pa phulusa ndi mwala wopanda kanthu. Chomera choyamba cha mizu chinapezeka mu 1965, njere yake itabwera ndi mafunde, ndipo pasanathe zaka zambiri anapezako ma cyanobacteria ogwira nayitrojeni ndi ndere. Koma kwa zaka pafupifupi 20 zomera zinali zapatalipatali, zonyentchera, zambiri zimamera nkufa, chifukwa nayitrojeni anali wochepa. Zinthu zinasintha cha pakati pa zaka za m'ma 1980 pamene mbalame za m'nyanja zotchedwa gull zinamanga msasa kum'mwera kwa chilumbacho. Zitosi, zotsalira za nsomba, njere zobwera nazo m'mimba, posakhalitsa pamene panali mchenga wakuda panamera udzu wothithikana ndipo mitundu ya zomera inachuluka. Mu 2008 UNESCO inaika Surtsey pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse. Apa mpomwe munthu umaona poyera kuti mvula inalipo, njere zinalipo, malo analipo, chimene chimasowa ndi chija chili mu thumba la wobereketsa chija.

Tsono mwina wina akuti, a bambo inu za ku Iceland zikutikhudza chani ife a kwa Mkanda, a ku Kamwendo, a ku Kapiri? Zikutikhudza chifukwa enzaimu yemweyo, nitrogenase yemweyo amene akuvutika ndi chisanu pa Marion, ali mu mizu ya soya wanu ndi mtedza wanu, ndipo kuno ali ndi zonse zimene kumeneko akusowa, kutentha, dzuwa la Januwale, mbewu yamasamba ambiri yomupatsa shuga. Kuno amene amagwira ntchitoyi ndi mabakiteriya ena otchedwa rhizobia, amalowa mu muzu wa mbewu ya mtundu wa nyemba, muzuwo nkutupa timibulu, iwo nkukhala mmenemo. Sizachilendo ayi, a sayansi a ku Germany Hellriegel ndi Wilfarth anazitsimikiza m'ma 1880, ndipo Beijerinck wa ku Netherlands anapatula kachilomboko mu 1888, koma agogo athu ankadziwa kale mwa njira yawo kuti pamene panali mtedza chaka chatha chimanga chimakondwa, nchifukwa chake ankasakaniza nyemba, khobwe ndi nzama mu chimanga. Munda wa soya wosamalidwa bwino umatha kugwira nayitrojeni makilogalamu makumi angapo pa hekitala mu sizoni imodzi, pena kupitirira 100. Yerekezani ndi makilogalamu 23 a mu thumba lija muone kuti ndi matumba angati amene akupangidwa pansi pa nthaka mwakachetechete popanda forex. Chimene ku Marion chimatenga zaka zambiri kuno chimatheka pa miyezi itatu kapena inayi, koma ife tikuchitaya ndi manja athu.

Choyamba ambiri sitidziwa nkomwe kuti timibulu tija ndi tabwino. Ife a Mchinji ndi Kasungu tinakulira mu fodya, ndipo mu fodya muzu ukatupa ndi matenda a nematodi, nde ndamvapo alimi anzanga akudandaula kuti soya wawo wagwidwa matenda atazula nkuona timibulu. Kusiyana kwake nkosavuta. Chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo umene wafufuma, sungachichotse popanda kudula muzu, pomwe kambulu kabwino kamakhala kongomatirira m'mbali, ukakakanda ndi chala kamathothoka. Ndipo pali mayeso amene mlimi aliyense angapange popanda kulipira. Mbewu ikamayandikira kuchita maluwa, kumbani phando limodzi ndi khasu, musazule ndi dzanja chifukwa timibulu timatsalira m'dothi, tsukani mizuyo m'madzi, dulani kambulu kamodzi pakati ndi lezala. Mukapeza mkati mwake mofiirira ngati nyama ndiye kuti ntchito ikuyenda, kufiirako ndi chinthu chofanana ndi cha m'magazi mwathu chimene mbewu imapanga kuti chizigwira okosijeni asaononge enzaimu ija, vuto lomwe lija Nostoc analithetsa ndi khoma. Mukapeza moyera kapena mobiriwira ndiye kuti sikakugwira kapena kakalamba. Mukapeza kuti timibulu palibiretu, dziwani kuti soya wanuyo akudya nayitrojeni wa m'nthaka ngati chimanga basi, palibe chimene akuonjezera.

Apa mpomwe pamabwera nkhani ya inokulanti, ufa wokhala ndi mabakiteriya amenewa umene timasakaniza ndi mbewu pobzala. Mtedza, nandolo ndi khobwe nthawi zambiri zimagwirizana ndi mabakiteriya amene ali kale m'nthaka yathu. Soya ndi mlendo, kwawo ndi ku China, nde mabakiteriya ake enieni m'minda yambiri mulibe kapena ndi ochepa makamaka ngati simunalimemo soya. Pali mtundu ngati Tikolore umene a bungwe lofufuza zaulimi la IITA anaupanga kuti uzitha kugwirizana ndi a m'nthaka yathu, komabe olo umenewo umachita bwino ukathiridwa inokulanti. Ku Chitedze, pa msewu wathu womwewu wa ku Lilongwe, akhala akugwira ntchito ya mabakiteriya amenewa kwa zaka zambiri, pulojekiti ya N2Africa inagwiranso ntchito m'Malawi muno pa nkhani yomweyi, ndipo pano timapaketi ta inokulanti timapezeka m'mashopu ena a zaulimi pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi thumba la feteleza. Koma abale, mu paketimo muli zinthu zamoyo. Ine ndinalowa mu shopu ina pa trading centre mwezi wa Novembala nkupeza mapaketi ali pa windo dzuwa likuwaomba, denga la malata, mkati motentha moti wogulitsayo anakhala panja, ndipo mapaketi ena deti linali litadutsa. Nditamufunsa anangoti ndi mankhwala a soya bwana, sadziwa kuti akugulitsa chani. Mlimi akagula zimenezo wagula ufa wakuda wakufa, nde chaka chamawa adzauza mudzi wonse kuti inokulanti ndi bodza. Taganizani, kabakiteriya ka pa Marion kamapirira chisanu koma ka mu paketi kathu sikapirira dzuwa la pa windo. Paketi imafuna pozizira ndi pamthunzi, kusakaniza ndi mbewu kuchitike pamthunzi, mbewuyo idzalidwe tsiku lomwelo m'dothi lachinyontho, osati kusakaniza lero nkudikira mvula sabata yamawa.

Chachiwiri nchakuti ena pofuna kuthandiza amathira yuleya mu soya. Ndalama yotaya imeneyo, komanso mukuononga. Kusunga mabakiteriya kumaidyera mbewu shuga wambiri, nde ikapeza nayitrojeni wokonzakonza m'nthaka imasiya kupanga timibulu, munthu amene wapatsidwa ufa waulere sapitanso kuchigayo. Chimene soya ndi mtedza zimafuna kwambiri ndi fosiforasi uja ndinati musamuiwale, ngati mmene zilili ku zilumba kuja kuti pomwe fosiforasi wachepa ntchito yogwira nayitrojeni imafooka. Nde ngati muli ndi kafeteleza kochepa koti muthire mu nyemba zanu, kakhale ka fosiforasi pobzala, yuleya musungire chimanga. Komanso minda yambiri ya mchenga kuno ndi ku Kasungu yalimidwa fodya ndi chimanga kwa zaka zambiri ndi feteleza yekhayekha, nthaka yotere imayamba kuwawasa, ndipo ikawawasa mabakiteriya savutika pang'ono, molybdenum uja amamangika osapezeka kwa mbewu. Laimu ndi manyowa a khola kapena kompositi zimathandiza pamenepa, koma ndi alimi angati amene anayezetsapo dothi lawo? Ambiri sitidziwa olo koyambira.

Chachitatu ndiye chimandiwawa koposa. Soya akakhwima timazula ndi mizu yomwe, kusenza zonse kupita nazo pakhomo, kupuntha, kenako zinyalala zija kuzitentha kuti pabwalo pakhale poyera. Masangwe a mtedza chimodzimodzi, ngati sanadye ziweto ndiye moto. Mapesi otsala m'munda anyamata osaka mbewa amayatsa mu Ogasiti, utsi kuti tolo dera lonse mpaka msewu osaoneka. Mukatentha, nayitrojeni amene anali mu masamba amabwerera kumwamba komwe anachokera, phulusa limatsala ndi michere ina koma iyeyo wapita. Ndipo apa ndinene chilungamo kuti ena asadzati ndinawalonjeza zozizwitsa, nayitrojeni wambiri amene soya amagwira amathera mu njere zimene timagulitsa kwa mavenda, nchifukwa chake soya ali ndi mapuloteni ambiri. Chotsalira munda ndi mizu, timibulu, masamba ogwa ndi mapesi. Nde ngati zimenezonso tazichotsa nkuzitentha, mundawo wapindula chani? Kumweta m'malo mozula, kubweza zinyalala m'munda kapena kuziponya m'khola zibwerere ngati manyowa, pamenepo mpomwe chimanga cha chaka chamawa chimaona kusintha, ndipo kasinthasintha yemweyo amathandizanso kuchepetsa kaufiti. Sindikunena kuti feteleza tisiye ayi, chimanga chimadya kwambiri ndipo chidzafunabe wokulitsa ndi wobereketsa, ndikunena kuti thumba limodzi lothiridwa pa munda umene munali mtedza limagwira ntchito kuposa lomwelo pa munda wa chimanga chaka ndi chaka. Nyemba zathu zankhwani zija, kunena zoona, sizigwira nayitrojeni wambiri ngati soya, mtedza ndi nandolo, tizilima chifukwa cha ndiwo koma tisadalire kuti zikonza munda.

Pali phunziro lina la ku Iceland komweko limene a mabungwe obwera ndi mbewu zachilendo ayenera kulimva. Dziko limene lija nthaka yake inakokoloka kwambiri, nde mu 1945 anabweretsa kuchokera ku Alaska chomera cha mtundu wa nyemba chotchedwa lupine, cha maluwa a pepo, kuti chikonze malo ogugawo chifukwa chimagwira nayitrojeni olo kozizira. Chinagwiradi ntchito, malo amene anali mchenga anabiriwira. Koma chinafalikira mopitirira, chikuphimba tizomera tawo tachilengedwe timene tinazolowera nthaka yosauka, moti pano chili m'gulu la zomera zolanda malo ndipo anthu a kumeneko amakangana, ena amachikonda ena akuchizula. Ife tili ndi mwayi woti sitikusowa kuitanitsa zachilendo zosadziwika. Nandolo alipo, mizu yake imapita pansi, masamba ake amagwera m'munda momwemo, ndipo njira ija yobzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi inayesedwa m'dziko mwathu muno nkuoneka kuti imathandiza. Vuto lake kuno ku chigawo chapakati ndi mbuzi ndi ng'ombe zimene timazimasula tikangokolola chimanga nandolo asanakhwime, imeneyo ndi nkhani ya mafumu athu kuti akhazikitse malamulo a m'mudzi, kum'mwera anakwanitsa bwanji? Msangu ulipo, mtengo wodabwitsa umene umagwetsa masamba nthawi ya dzinja chimanga chikafuna dzuwa nkuphukira nthawi ya chilimwe, aliyense anaonapo mmene chimanga cha pansi pa msangu chimakhalira. Gilisidiya ndi ombwe alangizi anatiphunzitsa kalekale koma tinazisiya mapulojekiti atatha. Mitengo tinamaliza ndi zigafa za fodya ndi makala, ndipo kamsangu kakamera kokha m'munda timakalimira limodzi ndi udzu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Mvula isanagwe tumizani mtolankhani wanu ku Chitedze ndi ku Bunda akafunse akatswiri, alembe m'Chichewa chomveka masamba awiri athunthu okhala ndi zithunzi za mtundu, kambulu kofiira mkati ndi chotupa cha nematodi pambali pake, kuti mlimi wa kwa Simphasi kapena kwa Kaomba adziwonere yekha kusiyana kwake. Mtolankhani yemweyo ayende m'mashopu a zaulimi a pa Mchinji boma, Kamwendo, Santhe ndi Chatoloma aone mmene inokulanti akusungidwira, afunsenso a unduna wa zamalimidwe kuti amayendera kangati ogulitsawa ndipo ndani amaonetsetsa kuti mu paketi muli mabakiteriya amoyo. Aphungu athu akamakambirana bajeti ya zaulimi muziwafunsa kuti pa ndalama zonse zopita ku feteleza, zingati zikupita ku mbewu yabwino ya soya, mtedza ndi nandolo, ku laimu, ku kuyeza dothi ndi kulemba alangizi ntchito, chifukwa mlangizi mmodzi akuyang'anira midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa ndipo sangafike paliponse. Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali m'kalasi, phunziro la nayitrojeni lisamathere pa chojambula cha pa bolodi choloweza pa mayeso a MSCE, Januwale akafika tulukani nawo anawo ndi khasu ndi lezala ku munda wa sukulu, ndipo muwauzeko za Marion ndi Surtsey, ana amamvetsera kwambiri nkhani ya chilumba chobadwa m'nyanja. Nkhaniyo muitulutse mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala anthu asanagule mbewu, ikatuluka mu Febuluwale soya adzakhala atachita kale maluwa.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kamwendo, Mchinji